OPALASA PAMTUNDA

Mau oti kupalasa ndi akale kuposa njinga. Kwathu kunyanja msodzi amapalasa bwato ndi nkhafi, ndipo nkhuku imapalasa padzala kufunira anapiye ake chakudya. Njinga itafika m'dziko muno makolo athu sadavutike kusula mau atsopano. Ndiganiza kuti adangoona miyendo ya munthu ikukankha chinthu kuti chipite patsogolo, monga achitira manja a msodzi, nati nayenso akupalasa, kungoti pamtunda. Chimene ndifuna muone, inu anzanga a pano pa Chirunga, n'chakuti paliponse pamene mauŵa amveka pali mimba imene ikudikira. Wopalasa bwato akutsata usipa. Wopalasa njinga wanyamula dengu la usipa womwewo, kapena matumba a makala, kapena mayi wodwala wopita kuchipatala. Munthu wopalasa popanda chimene akutsata, kwathu timamuyang'ana kaŵiri.

Ine ndine mmodzi wa oyang'anidwa kaŵiriwo. Ndili ndi njinga ya magiya 21, ya matayala okhuthala a mano ngati a thirakitala, imene ndidagula pa kaunjika ku Mangochi Boma. Ilibe kaliyala, ilibe belu, ilibe madigadi. Amene adaipanga sadaganize zoti idzanyamula kanthu kupatula mwini wake ndi botolo la madzi. Patchuthi chilichonse ndimapita nayo kwathu n'kumakwera mapiri a kum'maŵa kwa Shire, ndipo funso limene ndalimva koposa onse m'njiramo ndi lakuti, "Nanga katundu ali kuti, achimwene?" Ndikayankha kuti palibe, amafunsa kumene kwagwa maliro. Ndikati kulibe maliro, amangoti, "Chabwino," mau amene kwathu amatanthauza zinthu zambiri.

Maseŵera okwera ndi kutsika mapiri pa njinga adayambira ku Marin County, m'chigawo cha California ku America, m'zaka za m'ma 1970. Anyamata ngati Joe Breeze, Gary Fisher ndi Charlie Kelly ankatola njinga zakale zolemera za m'ma 1930 ndi 1940, zimene eni ake adazitaya, n'kumatsika nazo m'njira zafumbi za m'mapiri ozungulira Tamalpais. Mu 1976 adayamba mpikisano umene adautcha Repack, chifukwa mabuleki a m'habu ankatentha mpaka girizi yense kuthera mu utsi, ndipo munthu akafika pansi ankayenera kumasula habuyo n'kuthiramo girizi wina. Pofika 1981 kampani ya Specialized idayamba kupanga njinga zotere zambirimbiri, za dzina loti Stumpjumper, ndipo mu 1996 ku Atlanta maseŵeraŵa adaloŵa m'mipikisano ya Olympics. Mbiri imeneyi ndimaikonda, koma ndikamaiŵerenga ndimamwetulira. Njinga yakale yolemera, mtsetse woopsa, mabuleki ofuka utsi: aliyense wa ife amene waimapo m'maŵa pa mseu wa Ku Chawe, n'kuona amuna akutsika ndi nkhuni zosanja kupitirira mutu, wadziwonera yekha zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti a ku California ankakweza njinga zawo pa galimoto popita pamwamba, ndipo pansi ankapeza munthu wogwira wotchi akuwadikira. Athuŵa amakankha okha, ndipo pansi amapeza wogula wonenerera mtengo, pena wa zankhalango.

Njinga yoyamba imene ndidaidziŵa inali ya amalume anga, amjomba monga timanenera kwathu. Inali Humber yakuda imene adabwera nayo kuchokera ku Joni m'masiku a Wenela, ulendowo usadatsekedwe mu 1974 pamene ndege idagwa ku Francistown n'kupha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Njingayo inkagona m'nyumba ngakhale m'mwezi wa Okotobala, ife ana tili pakhonde ndi udzudzu. Loŵeruka lililonse ankaipukuta sipoko limodzilimodzi ndi kansanza konyika m'mafuta a makina osokera. Ntchito yake inali imodzi: kunyamula usipa wouma kuchokera kumadooko a kufupi ndi Malindi kupita nawo ku Namwera, kumene nsomba zili ndi mtengo, n'kubwerako ndi chimanga ndi nandolo. Ndili ndi zaka ngati 12 adayamba kunditenga kuti ndizikankha kumbuyo pa chitunda cha Chowe. Ndinkayenda ndi mwala m'dzanja limodzi. Iwo akati, "Ika, mwanangu!" ndinkaika mwalawo kuseri kwa tayala, tonse n'kupuma, thukuta lili kamukamu. Gulaye aliyense adali ndi dzina limene adampatsa okha, ndipo ena mwa mainawo sangalembedwe m'magazini ya ophunzira.

Lero ndikamanyamuka pa Boma ndimadutsa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndi mfuti ya sitima ya Gwendolen, sitima imene mu Ogasiti 1914 idakaononga inzake ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, kumpoto kwa nyanja. Ndimawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi pakati pa anyamata a kabaza oimba mabelu. Patsogolo pang'ono mseu umagaŵika: wa kumanzere ukupita ku Malindi ndi Makanjira, woongoka ukukwera ku Namwera ndi Chiponde, kumalire ndi Mozambique. Nyanja ili pa mamita ngati 470 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene phiri la Mangochi limapitirira mamita 1,700, ndiye inu nokha mutha kuganiza ntchito imene ili pakatipo. Chinsinsi cha magiya n'chapafupi. Ukaika tcheni pa kagudumu kakang'ono kutsogolo ndi pa gudumu lalikulu kumbuyo, miyendo imazungulira msanga koma mopepuka, njinga n'kumakwaŵa ngati bilimankhwe, osaima. Tsiku limene ndidakwera Chowe koyamba osatsika pa chishalo ndidakondwa ngati mwana, ndipo nditafika pa gulaye amene amjomba ankamutukwana koposa ndidamva kanthu pakhosi. Kachitsulo kokwana m'chikhato kakadapulumutsa msana wa munthu uja zaka makumi aŵiri. Ndidaganiza choncho pamenepo, ndipo pambuyo pake munthu wina adandionetsa kuti maganizo amenewo ndi a munthu wa mabuku.

Ukafika pamwamba n'kucheuka, dziko lonse la Mponda lili pansi pako. Malombe ali kumwera, nyanja yaikulu ili kumpoto, Shire ali pakati ngati ulusi wolumikiza nsalu ziŵiri. Migwalangwa ndi milambe yatsala m'munsi, kuno ndi kwa misuku ndi miombo, ndipo mphepo yake imakuumitsa malaya usadamalize kumwa madzi.

Njinga yotere kwake ndi kuchoka pa phula. M'mapiri a kumwera kwa mseu wa Namwera ndimo mudali likulu la Mfumu Jalasi, amene Angerezi ankalemba kuti Zarafi. Mu 1892 adabweza gulu lankhondo la boma la Harry Johnston n'kulilanda mfuti yaikulu. Mu 1895 adani akewo adabweranso ali ambiri, namuthamangitsa, ndipo pamalopo adamangapo linga lotchedwa Fort Mangochi, limene makoma ake akadalipo pakati pa mitengo. Kumeneko njinga ndidaisiya m'mudzi wa m'munsi n'kukwera wapansi ndi mlonda, pakuti kuyambira mu 2018 nkhalango ya Mangochi ili m'manja mwa African Parks pamodzi ndi Liwonde, ndipo njovu zimayendamo. Koma tinjira ta m'midzi yozungulira phirili ndidatipalasa masiku angapo, ndipo ndi chishalo chimene chidandiphunzitsa zimene buku la mbiri silidandiuze.

Njira yakale siiongoka, komanso siikhota chabe. Imazungulira thanthwe m'malo molikwera, imatsikira kukhwaŵa pamalo pamene madzi ndi osaya, imadutsa pansi pa mtengo wa mthunzi nthaŵi imene munthu ayamba kuufuna. Ukakhala pa njinga umazindikira msanga kuti chitunda chake sichipitirira muyeso wina wake, ndipo muyesowo ndi wa munthu wosenza. Mseu wa boma adaulemba ndi munthu wa pepala ndi chingwe, pamene tinjirati tidalembedwa ndi mapazi a anthu olemedwa pamutu. Tsono funso limabwera lokha: ankasenza chiyani, ndipo ankasenzera yani? Kudera kuno ndi kumene kunkadutsa maulendo a minyanga ndi akapolo opita kugombe, ku Kilwa ndi ku Quelimane, ndipo mafumu monga Jalasi, Makanjira ndi Mponda adalemera nawo malonda amenewo. Mu 2011 dziko lathu lidapereka ku UNESCO dzina la njira za akapolo zimenezi, Fort Mangochi ali m'gulumo, kuti zidzaganiziridwe ngati chuma cha dziko lonse lapansi. Kwathu nkhaniyi sitiikamba pa nsima. M'mudzi umodzi muli zidzukulu za ogulitsa ndi zidzukulu za ogulitsidwa, ndipo zidakwatirana kale. Jalasi yemweyo kwa ena ndi ngwazi imene idakana mzungu, kwa ena ndi chifukwa chimene agogo awo sadadziŵe kumene adachokera. Ine sindinganene kuti kanjira kena kake kamene ndidadutsa ndi komwe kadamva maunyolo. Ndingonena kuti mtsetse wokoma, umene umandipatsa liŵiro mpaka misozi kutuluka ndi mphepo, udakoma chifukwa anthu olemedwa adausankha mosamala, ndipo ndikakumbukira zimenezo dzanja limagwira buleki lokha.

Munthu amene adandichotsa maganizo a m'mabuku aja ndidakumana naye cha ku Namizimu, kumpoto kwa mseu. Adali bambo wa imvi zoyamba kumene, ataimika njinga ya Hero ndi mtengo wa mphanda, matumba atatu a makala ali pamenepo. Kaliyala yake idali yowotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba, ndipo m'malo mwa buleki ya kumbuyo adamangirira chidutswa cha tayala la galimoto chimene amachiponda ndi chidendene kuti chikhude gudumu.

"Ajimwiche uli?" ndidapereka moni.

Adayankha m'Chiyao, koma ataona chisoti changa adatembenukira ku Chicheŵa. "Bwana, tabwereketsani ndiilaŵe."

Adaikwera, nazungulira nayo chulu kaŵiri, nabwera akuseka ngati mnyamata. "Iyi ndi nthenga! Mudagula zingati?" Nditawauza adakhala chete, milomo yokha ikuyenda, ndipo ndidadziŵa kuti akusandutsa mtengowo kukhala matumba a makala. Kenaka adaŵerama n'kugwedeza ndi chala kachitsulo kosinthira tcheni kumbuyo kuja. "Ndi yabwino, koma ndi mwana wa sukulu. Mukaisenzetsa thumba limodzi ilira. Nanga aka kakathyoka, mukakagula kuti?"

Adanena zoona. Njinga za ntchito, kaya Hero, Avon, Phoenix kapena Buffalo imene kaliyala yake adaipangira makilogalamu 100, zili ndi giya imodzi chifukwa giya imodzi siifa. Tcheni chake n'chokhuthala, ndipo chilichonse chimene chingathyoke chimapezeka pa msika uliwonse kuyambira ku Chiponde mpaka ku Monkey Bay. Amjomba sadali osauka nzeru pokankha Humber pa Chowe. Adasankha kutopa kodziŵika m'malo mwa kugona panjira ndi usipa wa ngongole.

Koma makalawo sindingawalambalale. Mapiri amene ndili mwana adali akuda ndi mitengo, lero mbali zambiri ndi zitsa ndi mauvuni ofuka. Mtengo ukachoka, kanjira kamasanduka ngalande, mvula yotsatira n'kukasandutsa chigwembe, ndipo dothi lonselo limatsikira ku Shire ndi ku Malombe, kumene chambo chidasoŵa kale m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka. Itadutsa mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, tinjira tina timene ndinkatidziŵa ngati chikhato changa ndidatipeza titadukaduka, kofunika kusenza njinga paphewa. Lamulo la zankhalango adalikhwimitsa mu 2020, ndipo bambo uja amalidziŵa bwino kuposa ine, chifukwa ndi iye amene amatsika mtsetse mbandakucha wopanda nyali. Kumunyoza n'kwapafupi. Koma mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo matumba amenewo amathera pa mbaula zathu, ngakhale za ife amene Lachinayi madzulo timaŵerengerana ndakatulo zolira mitengo. Njira imene ine ndimaseŵererapo ndi iye amene amaitsegula chaka ndi chaka. Akaleka kudutsamo, udzu umaitseka m'dzinja limodzi. Akapitiriza, nkhalango imene imaipatsa kukoma imatha. Ine ndili pakati, ndi botolo langa la madzi.

Njira ya ku Malindi ndi yosiyana. Ndi yathyathyathya, nyanja ili kumanzere, mapiri ali kumanja, ndipo mdani wake ndi mchenga ndi minga ya mthethe. Mu mchenga muyenera kuphwetsa tayala pang'ono kuti lifutukuke, ndipo musanyamuke opanda pampu, solushoni ndi zigamba. Mseu wa Makanjira wakhala nyimbo ya andale pa kampeni kwa zaka zambiri, choncho wa njinga amapitirira wa galimoto osachita kuyesetsa. Kuno nako njira zili ndi zimene zimakumbukira. Usiku wa pa 12 February 1965, Henry Masauko Chipembere adatsika m'mapiri ameneŵa ndi amuna ngati 200, nalanda Fort Johnston, koma atafika pa Liwonde adapeza pantoni ili tsidya lina, ndipo ulendo wa ku Zomba udathera pomwepo. Adabisala m'mapiri omweŵa asadatuluke m'dziko, nakafera ku Los Angeles mu 1975. Medson Silombela adanyongedwa ku Zomba mu 1966. Midzi idatenthedwa, ndipo anthu a mudzi wa Moto adatengedwa onse kukatsekeredwa. Amjomba, amene ankadziŵa kanjira kalikonse ka m'mapiri amenewo, sadandiuzepo kanthu za chaka chimenecho. Tikafika pa mphambano ina ankangowonjeza liŵiro. Masiku ano nkhalamba zimakamba, koma zimayamba zayang'ana kaye kumbuyo.

Anzanga ena amati maseŵera ameneŵa ndi a alendo, ndipo ku Malaŵi kwawo ndi kumpoto: ku Luwawa pa Viphya, kumene kumachitika mpikisano wa njinga za m'mapiri, ndi ku Nyika, kumene zitunda zake za udzu zimafanana ndi za ku Scotland. Kumeneko n'kokongoladi, koma n'kopanda anthu, ndipo mlendo amatha tsiku lonse akuyankhula ndi mbidzi. Mangochi ali ndi chinthu china. Alendo alipo kale, adzaza mahotela kuyambira ku Nkopola mpaka ku Chembe, ndipo ambiri amabwerera kwawo osadziŵa kuti kuseri kwa mchenga umene agonapo kuli mapiri. Akatswiri a njira aliponso kale, ndi anyamata a kabaza ndi amuna a makala, amene palibe mapu angawapose. Ndikadakonda kuona mmodzi wa iwo akulandira pa tsiku limodzi loperekeza alendo ndalama imene amapeza pa matumba atatu, chifukwa pamenepo mtengo woimirira ukadayamba kumudyetsa kuposa wogwa. Chimene ndimaopa ndi chimene tachiona m'mphepete mwa nyanja, pamene mpanda umafika mpaka m'madzi ndipo mayi wa m'mudzi amayenda mtunda kufuna pochapira. Tsiku limene kanjira ka kumunda kadzapatsidwa dzina la Chingerezi ndi chikwangwani, wina adzayamba kuona mbuzi ndi nkhuni ngati zosokoneza. Njira zimenezi zili ndi eni ake, ndipo woyamba kufunsidwa akhale nyakwaŵa ndi anthu ake.

Ulendo umene aliyense wa inu angauyambe ndi wa ku Cape Maclear. Kuchokera pa Boma kukafika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60 a chigwa, ndipo pafupi ndi Monkey Bay pali mphambano ya makilomita ngati 18 okwera ndi kutsika m'mapiri a Nankumba. Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, pamene mwera amakukankhani kumbuyo popita, ngakhale adzakubwezerani ngongoleyo pobwera. Okotobala ndi wa anthu ofuna kudzilanga. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, thanthwe la mizere ngati nkhope ya agogo, ndi anyani amene amakhala pakati pa mseu ngati apolisi. Dera limeneli lidakhala paki mu 1980, ndipo UNESCO idalilemba m'kaundula wake mu 1984 chifukwa cha mbuna, tinsomba ta m'miyala. David Livingstone adalipatsa dzina la mnzake Thomas Maclear, woyeza nyenyezi wa ku Cape Town, ndipo mu 1875 a mishoni ya Livingstonia adamanga pamenepa, malungo n'kuwasamutsira ku Bandawe mu 1881, manda okha n'kutsala. Pa mtsetse womaliza musagwire mabuleki osalekeza, chifukwa limu likatentha chubu chimaphulika. Gwirani, tayani, gwiraninso.

Ndi pobwerera kuchokera kumeneko, chaka chatha, pamene kamtengo kadaloŵa m'masipoko n'kupinda kachitsulo kamene bambo wa ku Namizimu adakagwedeza. Ndidakankha mpaka ku Monkey Bay, kumene ndidapeza wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, zitsulo zake zili pa chiguduli. Adakayang'ana kamodzi kokha.

"Achimwene, mukufuna kukafika kwanu kapena mukufuna magiya?"

Ndidati ndikufuna kukafika. Adakamasula, nadula tcheni ndi msomali ndi hamala, nachilumikiza chachifupi pa gudumu lapakati, nazungulitsa pedulo ndi dzanja kuti amve kulira kwake. Ntchito yonse siidathe theka la ola. Kenaka adandifunsa ngati ndingafune kuti andiwotcherere kaliyala, poti mnzake wa moto ali pafupi ndipo njinga yakula tsopano. Ndidati ndiganiza kaye. Kachitsulo kopindikako adakakulunga m'pepala la shuga n'kundipatsa, ndipo ndidanyamuka ndi giya imodzi, mwera ali kumaso, ndi kukafika pa Boma mizikiti ikuitana pemphero la madzulo.